Tsiku Lomwe Ndinayankha Mafunso Nditayang'ana Pawindo

Ana anga, sabata yatha Madalitso, mwana wa Rute, anandiimbira foni kundiuza kuti amuitana ku intaviyu ku Nchalo. Amafuna ndimulangize zoti akachite kuti mabwanawo akamukonde. Anati agogo, inu munagwira ntchito mpaka kupuma, simungalephere kudziwa zimenezi. Ndinamuuza kuti asite malaya, alawirire, ndipo asapite ndi njala chifukwa m'mimba mukamalira mutu sugwira. Kenako anandifunsa kuti akalowa m'chipindamo aziyang'ana pati. Apo ndinanamizira netiweki n'kudula foni.

Funso limenelo landizunguza mutu moyo wanga wonse. Intaviyu ndalowamo kawiri kokha. Yoyamba ndinapambana osadziwa chomwe ndinakhoza, yachiwiri ndinagwa ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinalakwa. Ndiye ndati ndilembe zonse monga zinachitikira, mwina inu amene munapita patali ndi sukulu mupezamo nzeru yomwe ine ndaisowa.

Chaka chomwe ndinayamba ntchito

Choyamba mudziwe nkhani ya maina anga, chifukwa ibweranso kutsogoloku. Kwathu ku Chikwawa ndi kutchalitchi ndine Gelevazio. Koma nditalephera kusankhidwa mu Sitandade 8, ndinabwereza kalasiyo pa dzina la msuweni wanga Lenadi, yemwe anali atasiya sukulu n'kupita kukadula nzimbe. Ambiri tinkatero masiku amenewo. Ndiye satifiketi inatuluka ya Lenadi, ntchito analembedwa ndi Lenadi, ndipo penshoni yomwe mumadya nawo ija ndi ya Lenadi. Gelevazio ndi wapakhomo basi.

Nditamaliza Fomu 2 kunamveka kuti ku Ngabu akufuna anyamata oti awaphunzitse ntchito ya ulangizi wa ziweto. Ndinalembera ndipo anandiitana. Sindinkadziwa kuti intaviyu imadyedwa ndi chiyani, choncho ndinapita kwa anthu awiri omwe ndinkawakhulupirira. Oyamba anali malume anga a Binzi. Iwo anayamba n'kudandaula kuti dziko laipa, poti makolo athu omwe anafika kuno atasenza katundu wa azungu sanafunsidwe funso ndi limodzi lomwe, anangowayang'ana mapewa n'kuwapatsa mtolo. Atamaliza kudandaulako anandiuza kuti ndikalowa ndikagwade, ndisakakhale pampando ndisanauzidwe kawiri, ndisakadzitame, ndipo koposa zonse ndisakayerekeze kuyang'ana bwana m'maso, chifukwa kumeneko n'kuderera munthu wamkulu. Achiwiri anali aphunzitsi anga akale, a Makwiza. Iwo atamva za malumezo anaseka mpaka kutsokomola. Anati munthu woyang'ana pansi amamuyesa wakuba kapena mbuli. Ndikalowe nditawongoka, ndikamugwire bwana dzanja mwamphamvu, ndikamuyang'ane m'maso, ndipo ndikadzitame popanda manyazi chifukwa palibe amene akandichitire zimenezo.

Onsewa ndinkawalemekeza, ndiye ndinaganiza zotenga malangizo onse awiri. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwadi. Nditalowa mu ofesimo ndinapeza bambo wina wamtali wochokera kumpoto, a Kaonga, atakhala kuseri kwa tebulo. Dzanja langa linatsatira a Makwiza, mawondo anatsatira malume. Ndinapezeka ndagwada pansi, dzanja lili pamwamba pa tebulo ngati ndikupempha mchere. A Kaonga anachita kuimirira n'kuwerama kuti alifikire. Maso nawo anasokonekera. Ndikawayang'ana ndimamva mawu a malume, ndikayang'ana pansi ndimamva a Makwiza, ndiye mutu unkangokwera n'kutsika mpaka a Kaonga anandifunsa ngati ndinali ndi vuto la khosi. Atandifunsa chifukwa chomwe ayenera kulembera ine osati anzanga omwe anali panja, ndinayamba bwino kuti ndine wolimbikira kwambiri, koma manyazi anandigwira pakati, n'kumaliza kuti, “koma pang'ono chabe, bwana.”

Ndinatuluka thukuta lili kamukamu, ndikudziwa kuti zanga zada. Koma ananditenga. Malume anauza mudzi wonse kuti ulemu ndiwo wandipezera ntchito. A Makwiza anauza sukulu yonse kuti kunali kugwira dzanja kuja. Nditazolowerana ndi a Kaonga ndinkawafunsa chomwe anaona mwa ine, ndipo nthawi iliyonse ankayankha zosiyana. Tsiku lina anati anandimvera chisoni, tsiku lina anati anali asanasekepo chotero chibwerereni ku chigwa kuno, ndipo tsiku lina anati sakukumbuka n'komwe.

Zaka za ku Chiromo

Nditamaliza maphunziro ananditumiza ku dibi ina kufupi ndi Chiromo. Dibi, kwa inu adzukulu obadwira m'tauni, ndi dzenje lalitali la simenti lodzaza madzi a mankhwala, momwe ng'ombe zimadumphira n'kusambira kuti nkhupakupa zife. Tsiku la dibi fumbi linkayamba kuoneka dzuwa lisanatenthe, abusa akuimba mluzu, ena akutukwana m'Chisena, ena m'Chimang'anja, ine ndili pakati ndi magambuti ndi ndodo. Anthu ankanditcha dokotala wa ng'ombe, ndipo sindinkakana. A Kaonga ankabwera pa njinga yamoto kudzayendera, ndipo lamulo lawo linali limodzi: ng'ombe sidziwa kuti mwini wake ndi ndani, ndiye iwenso usadziwe.

Kumeneko ndi komwe ndinapeza mayi anu, Esnati, akugulitsa masau pafupi ndi mlatho. Bambo awo anali atamwalira kale, n'kusiya ng'ombe zingapo m'manja mwa mayi awo, a Nangozo. Ku dibi ng'ombezo zinkabwera ndi abusa, ndiye a Nangozo sindinakumanepo nawo mpaka tsiku lomwe ndinafika pakhomo pawo ngati wofunsira mbeta. Kuyambira tsiku limenelo anali apongozi anga, ndipo inu mukudziwa kapena munamvako momwe zinkakhalira. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana, sakhala chipinda chimodzi, sadyera limodzi, satchulana maina. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire, ndipo kawirikawiri tonse awiri tinkapatuka, njira n'kutsala yokha. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Esnati, ngakhale ine ndili kuseri kwa nyumba ndikumva zonse, ndipo ine ndinkayankha kudzera mwa Esnati yemweyo. Musaganize kuti unali udani. Unali ulemu waukulu kuposa wina uliwonse womwe ndinapatsapo munthu. Apongozi anga ndinkawadziwa ndi mawu awo, kutsokomola kwawo, ndi mapazi awo, makamaka chala chachikulu cha kumanzere chomwe chinapindika atapondedwa ndi ng'ombe ali mtsikana. Nkhope yawo ndinkangoiona patali, mwa ngozi, n'kuthawitsa maso. Iwo ankanditchula kuti abambo a Rute, ndipo dzina loti Lenadi anali asanalimvepo.

Chaka china Ruo ndi Shire anasefukira pamodzi, msewu unaduka, ndipo mankhwala anasiya kubwera. Madzi ataphwa, nkhupakupa zinabuka ngati wina wazifesa. Zomwe ndinatsala nazo sizikanakwana kudzaza dibi, zinkangokwana kupopera ng'ombe zochepa ndi pampu yapamsana. Ndinatumiza uthenga kwa a Kaonga, ndipo yankho linabwera ndi munthu wa bwato kuti ndione chochita ndekha. Ndinaganiza zoyamba ndi ana a ng'ombe ndi ng'ombe za bere, posayang'ana kuti n'za ndani, ndipo zikatsala ndiye zinazo. Sizinatsale. A Nangozo analibe ng'ombe ya bere nthawi imeneyo. Anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, zomwe zinkadyetsa banja lonse, ndipo m'mudzimo aliyense ankayembekeza kuti mkamwini wawo azipopera kaye zimenezo, ngakhale mobisa. Esnati sanandipemphe, anangondiyang'ana. Sindinazipopere. Imodzi yakuda, yomwe malemu apongozi aamuna anailera okha, inadwala n'kufa.

Ndinadikira uthenga wochokera kwa a Nangozo, kaya wokalipa kaya wodandaula. Sunabwere. Ndinafunsa Esnati kuti mayi akuti chiyani, iye anati sakunena kanthu. Munthu yemwe sungathe kulankhula naye sungathenso kumupepesa bwinobwino, ndipo kupepesa kodzera mwa mkazi wako kumafika kutazizira. Posakhalitsa ananditumiza ku Marka, ndipo nkhaniyo ndinapita nayo mumtima osaimasula.

Zaka za ku Marka

Ku Marka ndinakhalako nthawi yaitali. A Kaonga anapuma n'kubwerera kwawo, madibi ambiri anaphwa n'kusanduka mogona mbuzi, ndipo ntchito yanga inakhala yoyenda pa njinga ndi jakisoni m'chikwama, nthawi zambiri wopanda mankhwala. Ng'ombe zinkadutsa malire a dziko mmene zifunira, ndipo mwini wake ukamufunsa kalata ankangokana m'Chisena kuti, “Nkhabe, dokotala, ng'ombe iyi ndi ya kuno, idangopita kukacheza.” Inu anyamata munabadwira kumeneko, ndipo Rute anakulira kumeneko.

Rute ndiye anandibweretsera nkhawa yokoma. Anakhoza bwino Sitandade 8, koma sekondale yoti n'kuyendera kuchokera pomwe tinkakhala panalibe, ndipo kumuika kogonera komweko kunali kopitirira malipiro anga. Atsikana anzake anali atayamba kale kukwatiwa ndi anyamata a geni yodutsa malire, ndipo panali kale wina wa njinga yatsopano yemwe ankadutsa pakhomo pathu kawirikawiri kuposa momwe njira inkafunira. Ndinkadziwa kuti Rute akakhala pakhomo chaka chimodzi, sukulu yathera pomwepo.

Nthawi yomweyo kunabwera bungwe lina lothandiza alimi a ziweto, lomwe linkagwira ntchito limodzi ndi ofesi yathu. Linkafuna mmodzi mwa ife alangizi kuti akhale woyang'anira anzake. Malipiro anali abwino, ndipo pamwamba pake panali nyumba ku Bangula, pafupi ndi sekondale. Kwa ine imeneyo sinali nkhani ya udindo. Inali sukulu ya Rute.

Ulendo uno ndinatsimikiza kuti sindivumbwanso. Malume anali atamwalira, ndiye panalibe wonditsutsa. Bwana wathu watsopano, a Likongwe, mnyamata wophunzira wochokera kumtunda, anatiitana tonse ofuna ntchitoyo n'kutiuza kuti masiku ano amapereka mamalikisi pa chilichonse, kuyambira kalowedwe mpaka katulukidwe. Anati wofunsa funso uzimuyang'ana m'maso mpaka amalize, ndipo poyankha uziyendetsa maso kwa onse okhala patebulo, osasiyapo ndi mmodzi yemwe. Ndinabwerera kunyumba n'kuyamba kuyeserera. Ndinkayang'ana Esnati m'maso mpaka anandifunsa ngati ndalakwa kanthu kwinakwake. Ndinkayang'ana alimi m'maso mpaka mkulu wina anasiya kundipatsa moni. Ndinkaika mipando itatu pansi pa mtengo wa nimu n'kumayankha mafunso, Rute atakhala pa umodzi ngati bwana, akudziluma milomo kuti asaseke. Esnati anachapa jekete yanga ya ukwati n'kuisita ndi makala, ndipo ndinanyamuka ndikudziona kuti ndine munthu wamakono.

Tsiku la ku Bangula

Kunali kotentha monga kumatenthera mvula isanagwe, kutentha koti ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi. Anatiika pabenchi panja n'kumatiitana mmodzimmodzi. Atafuula kuti Lenadi, ndinaimirira, ndinakonza jekete, ndinagogoda, n'kulowa mutu uli m'mwamba.

Patebulo panali anthu atatu. Pakati panali mayi wina wa bungwelo wochokera ku Blantyre, a Msiska. Kumanja kwawo kunali a Likongwe. Kumanzere kunali mayi wachikulire wovala duku, ndipo ndisanafikitse maso pankhope pake ndinamva kutsokomola komwe ndinkakudziwa. Maso anga anagwa okha pansi. Pansi pa tebulo panali mapazi ovala patapata, ndipo chala chachikulu cha kumanzere chinali chopindika.

Ndinangoti kakasi, dzanja lili m'malere. Zomwe sindinkadziwa n'zakuti bungwelo linkafuna kuti pa intaviyu pazikhala woimira alimi, makamaka mayi, ndipo alimi a ku Chiromo anali atasankha a Nangozo kukhala wapampando wa komiti yawo. Masiku amenewo mafoni kunalibe, ndipo uthenga wochokera ku Chiromo unkafika ku Marka mbewu zitacha.

A Msiska anandigwira dzanja, anandilozera mpando, n'kunena mwansangala kuti ndikhale womasuka chifukwa zonse zichitika mwachilungamo. Anati m'mawa anawerenga maina athu onse, ndipo aliyense patebulopo analonjeza kuti palibe yemwe ali naye pachibale. Anatembenukira kumanzere kwawo.

“Si choncho, amayi?”

Ndinangomva nsalu ikukokedwa, ndipo ndinadziwa kuti apongozi anga aphimba nkhope.

Ana anga, m'kanthawi kochepa kameneko mutu wanga unayenda ulendo wautali. Ndikanati ndinene kuti awa ndi apongozi anga, ndikanawasandutsa abodza pamaso pa alendo, iwo osalakwa, poti anamva dzina la Lenadi, munthu yemwe sankamudziwa. Akanawachotsa patebulo, mwinanso paudindo, ndipo nkhani ikanafika ku Chiromo kuti a Nangozo anabisa mkamwini kuti amupatse ntchito. Mwinanso akanandithamangitsa ineyo, n'kuyamba kufunsa kuti nanga Gelevazio ndi ndani. Kukhala chete n'kuchita zomwe ndinayeserera pansi pa nimu kunkatanthauza kuyang'ana apongozi anga m'maso, pamaso pa anthu, ngati munthu wosaleredwa. Ndipo kumbuyo kwa zonsezi kunali Rute atakhala pampando uja akudziluma milomo. Ndinayesa. Mulungu ndi mboni, ndinayesa kukweza mutu. Khosi linakana ngati si langa.

Chomwe ndinachita sindinachiganizire. Ndinanyamula mpando uja n'kuutembenuza, ndinakhala chammbali nditayang'ana pawindo, tebulo lili kuphewa kwanga. A Likongwe anakonza kukhosi mwamphamvu. A Msiska anandifunsa ngati ndikumva kutentha, ndipo ndinavomera, poti linali lokhalo loona lomwe ndikanatha kunena. Mafunso anayamba. Anandifunsa za katemera, za matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, za momwe ndingayendetsere alangizi anzanga. Ndinayankha zonse, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinayankha bwino, koma ndinkayankha mtengo wa nimu womwe unali panja ndi mbuzi yomwe inagona pansi pake. Nthawi ndi nthawi ndinkakumbukira a Likongwe n'kupotoza maso pang'ono kuti ndiwaone iwo okha, koma ndikatero ngodya ya duku inkalowa m'diso, ndipo ndinkabwereranso kwa mbuzi.

Kenako a Msiska anati yafika nthawi ya funso la alimi. Ndiye ndinamva mawu omwe kwa zaka zonsezo ndinkangowamva kuseri kwa nyumba, akuchokera mkati mwa nsalu, atalunjika kwa a Msiska.

“Amayi, afunseni bambowa. Mankhwala akachepa, ng'ombe zambiri, zina mwa izo za kwawo kwa mkazi wawo, iwo amayamba ndi ziti?”

A Msiska anaseka pang'ono n'kunena kuti amayi mukhoza kuwafunsa nokha, ali pomwepa. Apongozi anga anangobwereza kuti, “Afunseni.”

Sindinadziwe ngati limenelo linali funso la komiti, kapena mlandu wa ng'ombe yakuda womwe unadikira zaka zonsezo kuti upeze bwalo. Sindinadziwe ngati akufuna kundigwetsa kapena kundipatsa mpata. Ndinayankha nditayang'anabe pawindo.

“Amayi, auzeni mayiwa kuti ndimayamba ndi ana a ng'ombe ndi za bere, kaya n'za ndani. Auzeni kuti zinandichitikirapo, ndipo inafa ng'ombe ya anthu omwe anandipatsa mkazi ndi malo ogona. Zitabweranso ndingachite chimodzimodzi. Koma auzeninso kuti ng'ombe imeneyo imandipweteka mpaka lero, ndipo ndinasowa pokanenera.”

A Msiska, osadziwa kuti asanduka Esnati, anatembenuka n'kufunsa ngati amayiwo amva kapena abwereze. Apongozi anga anati, “Ndamva.” Kumeneko ndiko kucheza kokhako komwe ine ndi agogo anu tinachezapo chikhalire.

Miyezi yotsatira

Ntchito anapatsa mnzanga wina wa ku Ngabu, munthu wabwino yemwe sindimusungira kanthu. Nditafika kunyumba n'kufotokozera Esnati, anakhala pansi n'kugwira pakamwa, ndipo sindinadziwe ngati akufuna kulira kapena kuseka. Iyenso sankadziwa. Rute anangotenga mipando ija pansi pa nimu n'kuilowetsa m'nyumba. Zimenezo zinandipweteka kuposa kukanidwa ntchito.

Patapita nthawi ndinakumana ndi a Likongwe pa sitolo ina ku Nsanje, ndipo atandigulira Fanta anandifunsa chomwe chinandigwira tsiku lija. Anati pa mayankho ndinaposa onse, koma pa kudzidalira ndi kuyang'ana anthu ndinapeza zero, ndipo a Msiska anati munthu wolankhula ndi windo sangatsogolere anzake. Anandiuzanso china. Popeza mayi wa alimi uja sankalemba, ankawapatsa nyemba kuti aziika m'mbale pa munthu aliyense m'malo mwa mamalikisi. Kwa ena ankaika pang'onopang'ono. Ine nditatuluka anakhuthula zonse zomwe zinali m'manja mwawo.

“Zikanawerengedwa mukanapambana,” anatero a Likongwe. “Koma tinagwirizana kuti tizichotse. Mayi aja sanakuyang'aneni ngakhale kamodzi, anangodziphimba nsalu. Ndiye akanakupimani bwanji munthu osamuona?”

Ndinaika botolo la Fanta pansi. Ndinatsala pang'ono kuwauza zoona, koma ndinaona kuti ndikatero nyemba zija zisanduka umboni woti a Nangozo anakondera mkamwini. Ndipo ine mwini sindinkadziwa kuti nyembazo anaikira mlangizi woyankha bwino, kapena abambo a Rute. Ndinangoti kunali kotentha, bwana.

Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa, tsiku lina masana ndikuchokera kuntchito, ndinapeza ng'ombe yaikazi yofiira, yoti sinaberekepo, itamangidwa pa nimu uja. Anali ataiyendetsa achimwene ake a Esnati kuchokera ku Chiromo. Esnati anaimirira pakhomo monga ankaimira kale akamapereka uthenga, manja kumbuyo, nkhope yosaseka.

“Mayi akuti ng'ombeyi igulitsidwe, Rute akagonere kusukulu. Akutinso ndikuuzeni kuti munayankha bwino.”

Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, chifukwa dokotala wa ng'ombe salira pamaso pa ana. Rute anapita kusukulu, ndipo zotsatira zake mukuziona nokha: ndi namwino, ndipo mwana wake akuitanidwa ku intaviyu. Ine ndinakhalabe mlangizi wa pa njinga mpaka kupuma, ndipo intaviyu ina sindinalemberenso.

Chaka chomwe a Nangozo anatisiya

Anakhala ndi moyo mpaka kukalamba kwambiri, ndipo tinapitiriza kupatukirana panjira. Achinyamata ankatiseka kuti zimenezo zinatha, ena mwa inu munkandiseka nawo, ndipo mwina munali ndi mfundo. Nkhani ya ku Bangula sitinaikambenso, ngakhale kudzera mwa Esnati. Sindinawafunse chifukwa chomwe anakhalira chete tsiku lija, kaya ankateteza ine kaya ankadikira kuti ndiyambe ndine. Nthawi zina ndimaganiza kuti tonse awiri tikanangolankhula, a Msiska akanaseka n'kuwatulutsa panja kwa kanthawi, nkhani n'kutha. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndikanakweza mutu kamodzi kokha, nyumba ya ku Bangula ikanakhala yathu, koma uthenga uja sukanabwera, ndipo sindidziwa kuti pa ziwirizi chachikulu n'chiti.

Pa maliro awo, itafika nthawi yoona nkhope, ndinaima pamzere ndi anthu ena. Mzere ukuyenda, ine ndinkalola anthu kundipitirira, chifukwa sindinkadziwa ngati mwambo umathera pa imfa kapena ayi, ndipo panalibenso malume woti ndimufunse. Esnati ndiye anandigwira mkono n'kundikankhira kutsogolo. Ndinafika pabokosi maso ali pansi monga mwa masiku onse, kenako ndinawakweza.

Inali nkhope ya Rute. Mphumi yomweyo, mphuno yomweyo, ngakhale kachibwano kaja komwe mumamuseka nako. Zaka zonsezo ndinkaiona tsiku ndi tsiku pakhomo panga, osadziwa kuti ndi ya ndani. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka akumpingo anandigwira paphewa kuti ndipatse mpata ena.

Ndiye Rute, umuuze Madalitso kuti netiweki inalibe vuto tsiku lija. Mabwanawo akawayang'ane m'maso, poti ndi zomwe amapatsira mamalikisi masiku ano. Koma asanakweze mutu, ayambe wasuzumira pansi pa tebulo, aone kaye mapazi.